Momwe bizinesi yaing'ono ingapezere oda ku kampani yaikulu ya zomangamanga

Kampani yomanga misewu ndi milatho sigula simenti ndi zitsulo zokha. Ku ofesi yake ya m'chigawo ndi ku kampu ya ogwira ntchito kumafunika alonda, okolopa, ophika, maovolosi, mchenga, kwale, ngakhale galimoto zahayala. Apa mpamene amayi, achinyamata ndi anthu aulumali ochita bizinesi angalowere, ndipo zimandiwawa kuona ambiri akubwerera pageti chifukwa cha mapepala basi.

Choyamba, lembetsani bizinesi yanu kuboma, mutenge TPIN (nambala ya wokhoma msonkho) ku MRA pamodzi ndi satifiketi yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Tsegulani akaunti kubanki m'dzina la bizinesiyo, poti makampani ambiri salipira pa Mpamba kapena Airtel Money ya munthu.

Ngati mukufuna ntchito yomanga yeniyeni, monga ngalande za m'mbali mwa msewu, lembetsaninso ku bungwe loona zomangamanga lomwe ambiri timalidziwa kuti NCIC. Ogulitsa njerwa dziwani kuti malamulo a 2018 analetsa njerwa zootcha pa zomanga za boma ndi zamalonda, choncho konzekani ndi mabuloko a simenti. Satifiketi ya PPDA, bungwe loona momwe boma limagulira katundu, ndi ya ofuna kugulitsa kuboma, komabe iikeni m'faelo, imawonjezera ulemu.

Kenako lembani masamba awiri onena zomwe mumagulitsa, komwe muli, ndi omwe munawagulitsapo kale. Ngati bizinesi ndi ya mayi kapena wachinyamata, nenani poyera, chifukwa makampani ena amafunsa zimenezo. Kaperekeni kwa mkulu woona zogulagula, osati kwa foromani wa pasaiti, mupemphe kuti akuikeni pa mndandanda wa ogulitsa. Muziyang'ananso zilengezo mu The Nation ndi The Daily Times.

Akakupemphani koteshoni, werengerani thiransipoti ndi msonkho womwe amadula polipira. Ndipo chonde, katundu asachoke pakhomo musanalandire LPO yosainidwa, chomwe ndi chikalata cha kampani choitanitsira katundu. Lole ikatsitsa mchenga, wolandira asaine ndi kudinda delivery note (pepala losonyeza kuti katundu wafika) pomwepo, inu mukuona. Popanda pepala limenelo invoisi yanu ingogona mudirowa.

Ndalama imatha kutenga masiku 30 kapena kuposerapo, ndiye yambani ndi oda yomwe thumba lanu lingakwanitse osathamangira katapila. Wina akati mumpatse kangachepe kuti dzina lanu lidutse, kanani, mukadandaule kwa akuluakulu a kampaniyo kapena ku ACB.