Inu muli kunja, oyimba atsopano akumudzi muwapeze chonchi chaka chino

Abale anga a ku Joni, Cape Town, Durban, Dublin, Leeds komanso inu muli m'minda ya ku Israel, chaka chabwino chatsopano kuchokera kuno ku Mchinji, mvula ikugwa ndipo anthu ali kalikiliki ndi feteleza wobereketsa. Ine nkhani yanga ndi ya nyimbo. Ambiri a inu nyimbo zakumudzi zinaimira chaka chimene munakwera basi chija, amene ananyamuka 2010 mufoni mwake muli Lucius Banda, Ma Blacks, Skeffa Chimoto ndi Lulu basi, ndipo sindikunyoza ayi, Soldier Lucius Banda anatisiya mu June 2024 ndipo nyimbo zake tidzaziimba mpaka kalekale, koma kuno ana sanasiye kuimba inu mutachoka, akuimba zoopsa, ndipo anthu amene angawathandize msanga ndi inuyo, chikhala kuti mukuwamvera.

Ndiyambe ndi chifukwa chake ndikuti inuyo. Kuno nyimbo yatsopano imayenda pa WhatsApp, pa Bluetooth ndi pa memori khadi imene munthu wakaikitsa pa kashopu koika nyimbo pa Kamwendo kapena pa Boma, itha kumveka m'mabala onse, pa sipika ya wa kabaza aliyense mpaka pa zinkhoswe, koma woyimbayo osaona olo 1 kwacha. Bandulo ndi yodula, palibe angamvere nyimbo imodzimodzi kakhumi pa YouTube pomwe atha kuidawuniloda kamodzi n'kumaimvera ulere. Inu muli pa wifi. Komanso ndalama imene Spotify kapena YouTube imalipira pa nyimbo imatengera dziko limene womverayo ali, ndiye munthu amene amalipira Spotify mwezi ndi mwezi ku Ireland akamvera nyimbo ya mwana wa kwa Mkanda, zimene zimalowa n'zochulukirapo kusiyana ndi ife tikamvera kuno. Spotify inafika ku Malawi mu 2021, imawerenga kuti nyimbo yamveredwa ikadutsa masekondi 30, ndipo kuyambira 2024 nyimbo imene sinamveredwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira kalikonse. Kwa oyimba otchuka 1,000 si nkhani, koma kwa mnyamata woyamba kumene ndi phiri, ndipo gulu limodzi la pa WhatsApp la Amalawi a ku Cape Town litha kumukwezera phiri limenelo osamva n'komwe kuwawa.

Tsono mayina. Ena ndiwatchulewa kuno ndi akuluakulu kale, mwana aliyense amawadziwa, koma kwa inu munachoka kale ndi atsopano ndithu ndiye yambirani pomwepa. Eli Njuchi ndi Driemo ndi amene asintha kaimbidwe ka achinyamata zaka zapitazi, Chichewa chawo n'chakuya, cha miyambi ndi mawu okuluwika, moti ngakhale madala amene amati nyimbo za masiku ano n'zaphokoso amakhala chete kumvetsera. Ine pa awiriwa mtima wanga uli kwa Driemo chifukwa cha mawu ake, amaimba ngati akukudandaulira iwe wekha, koma kalembedwe ka Eli palibe angakatsutse. Ngati muli ku South Africa ndipo amapiano akukwanani m'makutu, mverani Zeze Kingston mumve amapiano omwewo atavala Chichewa, mudzayambanso kuwakonda. Onesimus ambiri a ku Joni mukumudziwa poti wakhala komweko nthawi yaitali. Kumbali ya atsikana sakani Emmie Deebo, Temwah ndi Tuno, ndipo musadumphe Jetu, agogo amene anagwedeza dziko mu 2024 atayamba kuimba pa msinkhu woti anzawo akulera zidzukulu. Kell Kay ngati mukufuna zachikondi zofatsa.

Koma amene ndikufuna muwaike pamtima kwambiri ndi aja oimba ndi zida zopanga okha, amene chodabwitsa n'choti azungu a kumene mukukhalako amawadziwa kuposa ife eni ake. Madalitso Band ndi anyamata awiri, Yobu Maligwa ndi Yosefe Kalekeni, anayambira kuimba m'misewu ya ku Lilongwe, wina pa babatoni wa chingwe chimodzi wina pa gitala kwinaku akuponda ng'oma ndi chidendene, anatuluka koyamba mu 2017 kupita ku Sauti za Busara ku Zanzibar, nyimbo zawo zimatuluka ndi kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva ndipo mu 2025 anakaimba ku Glastonbury. Amazungulira ku Ulaya pafupipafupi ndiye inu a ku UK, Germany, France, mukamva kuti afika tauni yoyandikana nanu pitani, tengani ndi mbendera, chifukwa zimandiwawa kuona kanema wa show yawo holo itadzaza anthu akuvina koma wopanda ndi mmodzi yemwe womva zimene zikuimbidwazo. Gasper Nali wa ku Nkhata Bay nayenso ndi wa babatoni. Faith Mussa amaimba yekha zida zingapo nthawi imodzi. Lazarus Chigwandali, wachialubino, anachokeranso mumsewu ndi banjo yake ya chigubu ndipo nyimbo zake zimamenyera nkhondo anzake achialubino. Keturah anakajambula chimbale chake ku Los Angeles n'kuchitulutsa mu 2023, mawu ake ndi amene ndingakuuzeni kuti muwamvere usiku mukaweruka ku ntchito mutatopa. Anthu ngati amenewa muziwasakanso pa Bandcamp, kumene mumagula chimbale mwachindunji ndipo gawo lalikulu la ndalamayo limapita kwa woyimba ndi kampani yake, kugula kamodzi kumeneko kumaposa kumvera mazanamazana pa Spotify.

Nanga atsopano enieni, amene ine sindingawatchule pano poti mwina nyimbo yawo yoyamba akuijambula sabata ino? Amenewo foni yanu sidzakubweretserani yokha. Spotify ndi YouTube zimakupatsani zofanana ndi zimene mumamvera kale komanso zimene zikuphulika m'dziko muliromo, ndiye ngati mumangomvera za 2010 zizingokupatsani za 2010. Muyenera kuchita kusaka. Njira yosavuta ndi kuyang'ana amene waimba nawo, nyimbo ya woyimba wamkulu ikatuluka onani dzina lachiwiri lija simukulidziwalo, lisakeni, nthawi zambiri ameneyo ndiye wa chaka chamawa. Onaninso dzina la pulodyusa amene wapanga biti, pitani pa tsamba lake, mupeza ana ena asanu amene akujambula naye. Chinanso ndi mapositala a zisangalalo zikuluzikulu ngati Lake of Stars, Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka ku Dowa imene inayamba mu 2014 ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Olo simukubwera, tsegulani positala, siyani mayina a zilembo zikuluzikulu pamwamba, tsikani m'munsi mwa tizilembo ting'onoting'ono m'mene mumachita kukulitsa chithunzi kuti muwerenge, lembani mayina amenewo papepala muziwasaka limodzilimodzi.

Pa Facebook tsatirani Mikozi, pa intaneti pali tsamba la Malawi Music limene nyimbo zatsopano zimaikidwa tsiku ndi tsiku, ndipo TikTok musaiderere kuti ndi ya ana, kumbukirani kuti agogo Giddes Chalamanda anamveka dziko lonse lapansi kudzera pomwepo ataimba ndi Namadingo ali ndi zaka zoposa 90. Wailesi nazonso zimamveka pa intaneti, Zodiak, Times, MBC Radio 2, ndipo nthawi ya ku South Africa ndi ya kuno ndi imodzi, pomwe a ku UK ndi Ireland muli kumbuyo ndi maola awiri nyengo yozizira ino, ola limodzi nyengo yotentha, ndiye pologalamu ya 8 koloko madzulo kuno muitchere 6 koloko.

Koma kunena zoona njira yoposa zonsezi ndi mphwanu kapena mwana wa achemwali anu amene mumamutumizira ya fizi uja. Muuzeni kuti mwezi uliwonse azikutumizirani nyimbo zitatu zimene zikuvuta kwanuko, osati za ku Lilongwe zokha ayi, za kwanu kwenikweni, zimene zikulira pa msika wa Kapiri, pa Waliranji, kapena kwa inu a ku Kasungu pa Santhe, Chinkhoma ndi Nkhamenya. Mumuonjezere ka bandulo. Kuno ku Mchinji kuli ana ojambulira m'kachipinda kamodzi, makoma atamatidwa mathileyi a mazira kuti mawu asamabwerere, laputopu yakale, maiki imodzi, magetsi akazima ntchito yaima, koma zimene zimatuluka mmenemo nthawi zina mumachita kudzuka pampando. Ndipo kaimbidwe ka kuno kali ndi kakekake, tili pa malire, Mwami ndi pompa, timamva Breeze FM ya ku Chipata monga timamvera Mudziwathu, woyimba wa ku Zambia Yo Maps amavinidwa ngati wa kwathu, ndiye mwana wa kuno akamaimba mumamva Chinyanja cha ku Zambia, ng'oma za gule ndi kayendedwe ka chimtali zonse zili m'nyimbo imodzi osachita kukakamiza. Zimenezi ku Blantyre sangazipange. Amene akuzipangawa ambiri amasiyira panjira, osati chifukwa luso latha koma ya situdiyo yasowa, kenako mumva kuti nayenso wakwera basi ya ku Joni.

Ndiye mukapeza amene wakugwirani mtima, thandizo lake likhale lanzeru. Kutumiza ndalama mukudziwa kale, Mukuru, Mama Money, Hello Paisa, WorldRemit, zimagwera mu Airtel Money kapena Mpamba. Chenjerani ndi masamba abodza a pa Facebook okhala ndi dzina ndi chithunzi cha woyimba, alipo ambiri, musanatumize muimbireni pa kanema mumuone nkhope, ndipo dzina limene likutuluka pa nambala ligwirizane ndi limene wakuuzani. Ngati ndi ya kujambula nyimbo, ine ndimaona kuti ndi bwino kulipira ku situdiyo konko iye akudziwa, osati chifukwa anawa ndi akuba ayi, koma pakhomo pakakhala palibe ufa ndalama ya nyimbo imasanduka ya chimanga ndipo palibe angamudzudzule.

Chinthu china chimene inu mungachite mosavuta pomwe kuno n'chovuta zedi ndi kuika nyimbo pa Spotify, Apple Music ndi kwina. Woyimba saika yekha, amadutsira ku makampani ngati DistroKid kapena TuneCore amene amafuna kulipidwa ndi khadi ya ku banki mu ndalama zakunja, ndipo ndi mmene forex ikusowera kuno, kwacha itagwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mwana wa kwa Mkanda zimenezo sangazikwanitse. Inu khadi muli nayo. Mulipireni, koma chonde akaunti ikhale m'dzina lake, imelo yake, pasiwedi aisunge yekha. Ndikunena izi motsindika chifukwa mukaitsegula m'dzina lanu, olo muli ndi mtima wabwino, tsiku limene mudzasemphane mawu kapena foni yanu idzatayike nyimbo zake zonse ndi ndalama zake zidzatsekeredwa kwa inu, ndipo ubale udzathera pomwepo. Mumuuzenso akalembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo limene lilipo kuyambira 1992, kuti nyimbo zake zikamaseweredwa pa wailesi azipezako kenakake, ana ambiri akumudzi sadziwa n'komwe kuti zimenezi zilipo.

Osaiwala zaulere. Kulemba ndemanga pansi pa kanema wake kuti ndikumvera ndili ku Dublin kumamulimbitsa mtima mwana kuposa mmene mukuganizira, amajambula n'kuonetsa anzake onse. Nyimbo muziigawa ngati linki osati ngati fayilo, chifukwa fayilo ikamazungulira m'magulu palibe chimene chikuwerengedwa. Ndipo ana anu obadwira kunjawo amene Chichewa chikuwavuta, nyimbo za anzawo amsinkhu wawo zimawakoka msanga kusiyana ndi kuwakalipira kuti yankhula Chichewa, kungoti yambani mwamvera nokha chifukwa zina mawu ake si a pamaso pa ana.

Pomaliza inu a m'makomiti okonza zisangalalo za pa 6 July ndi za Khirisimasi. DJ wanu mupatseniko nyimbo zatsopano zisanu pasadakhale, asamangozungulira pa zomwezija chaka ndi chaka. Ngati mukuitanitsa woyimba kuchokera kuno, pa dzina lalikulu limodzi onjezanipo wamng'ono mmodzi woti adzatsegulire, tikiti imodzi yoonjezerayo itha kusintha moyo wake wonse. Yambani msanga poti pasipoti ndi visa zimatenga nthawi, funsani bwinobwino malamulo a dziko muliromo okhudza munthu wobwera kudzaimba molipidwa musanagule tikiti, ndipo zonse mugwirizane polemba, malipiro ndi angati, theka liperekedwa liti, ogona ndi chakudya alipira ndani, abwerera tsiku liti. Ngati show yanu ndi ya July, makalata oitanira ayambe kuyenda mwezi uno kapena wamawa.