Kalembedwe ka asainimenti kuti musagwidwe kuti mwakopera

Mwafunsa kuti mulemba bwanji asainimenti ya ku UZ (University of Zimbabwe) osaoneka ngati mwabera. Musanayambe pezani kabuku kolembamo, funsani alekichala ngati akufuna APA kapena Harvard (njira zotchulira mabuku amene mwagwiritsa ntchito), ndipo ikani Zotero (pulogalamu yosungira ndi kutchulira mabukuwo) pa laputopu, ndi yaulere.

1. Chilichonse mwawerenga, kaya ku laibulale ya UZ ku Mount Pleasant kaya pa intaneti, lembani pompo dzina la wolemba, chaka, mutu ndi tsamba. Mukati mawa mudzaiwala.

2. Tsekani bukulo kenako lembani mfundoyo m'mawu anuanu ngati mukufotokozera mnzanu mu kombi.

3. Apa ndiye pomwe ambiri amagwera, chonde samalani. Kusintha timawu tiwiri titatu chiganizo n'kukhalabe cha mwini wake ndi kuba ndithu, komanso ngakhale mwalemba mwanokha koma ganizolo si lanu, ikanibe dzina la mwini ganizolo ndi chaka pomwepo. Zimandiwawa kuona mwana amene makolo akuvutikira fizi akulephera chifukwa cha kanthu aka.

4. Mukatenga mawu enieni a munthu, atsekereni mu " " ndipo muike nambala ya tsamba.

5. Aliyense mwamutchula mkatimo apezeke pa mndandanda wa mabuku wa kumapeto.

6. Ngati pali mwayi wa Turnitin (pulogalamu yofananitsa ntchito yanu ndi zolemba za ena), tsegulani lipotilo muone malo apakidwa utoto mukonze. Iyo imangoonetsa zofanana, oweruza ndi alekichala.

7. Musapatse mnzanu fayilo yanu pa WhatsApp, akakopera mulowa m'mavuto nonse awiri. Ntchito yanu ya chaka chatha musaiperekenso osapempha chilolezo.