Momwe mungayendere limodzi ndi agogo omwe akulera ana amasiye

Ife omwe timadzipereka kuyendera mabanja a pa Mtukula Pakhomo, pologalamu ya boma yopereka ndalama kwa ovutika, timadziwa kuti ndalama zija zikafika sikuti nkhani yatha ayi. Pologalamuyi idayambira ku Mchinji mu 2006 ndipo imatenga mabanja ovutikitsitsa omwe mulibe munthu wamphamvu zogwira ntchito, nde ambiri ndi agogo otsala ndi zidzukulu zitatu zinayi, maso akuvuta, uthenga wa pafoni sangawerenge. Amafuna munthu woyenda nawo, ndipo ine ndimachita chonchi.

Choyamba kadziwikeni kwa amfumu ndi kwa a komiti ya Mtukula Pakhomo ya m'dera lanu. Mukafika pakhomopo musatulutse kope ndi mafunso ngati a kalembera, khalani pamphasa, funsani zakumunda, thandizani kutongola chimanga, zamumtima zimatuluka zokha ulendo wachitatu wachinayi.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene ine zinandivuta, fufuzani mwini mbumba. Kwathu kuno ana ndi akuchikazi, mawu omaliza ali ndi malume awo olo akhale kutali osatumiza ndi sopo yemwe. Ine ndinangopangana ndi agogo kuti mdzukulu wawo wamkazi yemwe anasiyira sitandade 7 abwerere kusukulu, ndinakaonana ndi ahedi, yunifolomu tinasoketsa, koma amalume ake sindinawauze. Atamva anabwera atalusa, akuti inu ndinu ndani pa mbumba yanga, ndipo sabata yomweyo anamutumiza mwanayo kutauni kukagwira ntchito yam'nyumba. Zinanditengera miyezi itatu, kupepesa, kubwereranso kwa amfumu, kuitana wa zoteteza ana wochokera ku ofesi yosamalira anthu kuti adzafotokoze zoti chisinthireni malamulo mu 2017 aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, mpaka mtsikanayo anabwera koma mayeso anali atamudutsa kale, anabwereza kalasi ndipo mpaka pano zimandiwawa. Nde musanagule olo pensulo aimbireni amalumewo, afunseni kuti "amalume, nanga mwanayu timuthandize bwanji?" kenako khalani chete ayankhule, ganizo lotuluka mkamwa mwawo amaliteteza okha.

Chachitatu ndalama. Musazigwire inuyo, olo agogo akuchondelereni kuti muwasungire, tsiku lomwe idzasowe K500 dzina lanu lathera pomwepo. Kumene amalandira pafoni pitani nawo kwa ejenti, PIN alembe okha kapena mdzukulu wamkulu wodalirika, ndipo ndalama ziwerengedwe inu mukuona chifukwa ma ejenti ena akaona nkhalamba amadula zoposa chaji. Samalaninso ndi aja amayenda m'midzi nkumati patseni kangachepe ndikulowetsereni dzina, kulembedwa mu pologalamuyi nkwaulere. Chitupa cha unzika chisapite kwa akatapila ngati chikole, chikapita kumeneko ndalama ya mwezi wotsatira yapita nayo.

Mu ndalama za Mtukula Pakhomo muli yoonjezera ya ana apasukulu, khalani pansi ndi agogo muipatule tsiku lomwelo isanalowe ku ndiwo. Telala wa yunifolomu musamupatse zonse kumayambiriro, theka basi, zina akamaliza, wina anatisungira nsalu mwezi wathunthu. Nsapato gulani pa kaunjika tsiku lamsika chakumadzulo, mitengo imakhala itatsika ndipo tengani zokulirapo pang'ono.

Zotsalazo nzosavuta. Ana ang'onoang'ono apite ku mkombaphala kuti agogo apezeko mpata, atsikana alumikizeni ndi amayi a mother group (gulu la amayi lolimbikitsa atsikana pa maphunziro) kusukulu kwawo, agogo alowe banki mkhonde olo ndi sheya imodzi. Mukaona zankhanza kapena mwamva zoti mwana akufuna kumukwatitsa imbani 116, nambala yothandiza ana, ndi yaulere, kapena pitani ku Victim Support, ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza, kupolisi. Kuyendera kamodzi pa sabata kumakwana, ine ndimapita Loweruka m'mawa ana asanabalalike.