Tiasilikali ta pa tebulo: mmene mungayambire ndi nkhondo ya ku Karonga ya 1914

Anzanga amene mwakhala mukufunsa za tiasilikali timene ndimapenta, tizidole ting'onoting'ono toseweretsa masewera a nkhondo pa tebulo, lero ndati ndifotokoze bwinobwino mmene munthu angayambire. Koma langizo loyamba si la penti ayi, ndi loti musagule kanthu musanasankhe nkhondo imodzi. Imodzi yokha basi, yaing'ono, yoti mutha kuimaliza. Anthu ambiri amayamba ndi Waterloo kapena Aroma, kugula mabokosi ambirimbiri, pakatha chaka tiasilikali tili mbuu mu kabati osapentedwa ndipo mtima wagwa kale.

Ine ndinasankha Karonga, pa 9 September 1914, ndipo ndimalimbikitsa aliyense wa kwathu kuno kuyambira pamenepo. Inali nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba kumene, Ajeremani anawoloka Songwe kuchokera ku German East Africa, komwe pano ndi Tanzania, pomwe asilikali a King's African Rifles (KAR), a mbali ya Britain, motsogozedwa ndi Captain Barton anali atanyamuka kulowera kumpoto kukakumana nawo. Magulu awiriwa anadutsana osaonana, Ajeremani nkukafika pa boma la Karonga lomwe linatsala ndi anthu ochepa olilondera, Barton atamva kulira kwa mfuti kumbuyo kwake anatembenuka, ndiye kumenyana kwina kunachitikira ku Kasoa komwe Ajeremani anagonja. Taonani, nkhani yamasewera yapezeka kale pamenepo, kagulu kochepa kagwire boma mpaka anzawo abwerere. Simukufunika asilikali mazanamazana. Tiasilikali 30 mbali iyi 30 mbali inayo, timagulu ta 10, mfuti ya machine gun imodzi uku ndi uku, mwayamba.

Mukasankha nkhondo, sankhani saizi ndipo musaisinthenso. Ilipo ya 28mm, ya 15mm (uku ndi kutalika kwa kamsilikali), ndi ya 1/72, kutanthauza kuchepa ka 72 kuposa munthu weniweni, yomwe nthawi zambiri imakhala ya pulasitiki yotchipako. Pa nkhondo yaing'ono ngati iyi ine ndimakonda 28mm chifukwa nkhope imaoneka, lamba amaoneka, ndipo maso satopa msanga. Tiasilikali ta nkhondo ya ku East Africa timapezeka kwa opanga a ku Britain ndi ku America, kuitanitsa pa intaneti, ndiye ngati muli ndi m'bale ku UK kapena ku Joni amene akubwera kumudzi, mpempheni akunyamulireni, ndalama yotumizira nthawi zina imaposa ya katunduyo. Lembani papepala chilichonse chimene mukufuna musanaitanitse, kuti kabwere kamodzi.

Tikafika, titsukeni kaye ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mswachi wakale umagwira bwino ntchito, chifukwa timabwera ndi timafuta ta ku fakitale tomwe timakanitsa penti kugwira. Kenako palani ndi kampeni timizere totsalira m'mbali, makamaka pa chipewa ndi m'miyendo. Mukadumpha pamenepa mzere uja udzaonekera kwambiri penti akalowa. Kamsilikali kalikonse kamatireni pa chitsekerero cha botolo kuti muzigwira chitsekererocho osati kamsilikaliko.

Tsopano primer, penti woyamba wogwiritsa anzake. Wa spray ndi wachangu, koma poperani panja, m'mawa kusanatenthe, kulibe mphepo ya fumbi, ndipo osati tsiku la mvula chifukwa chinyezi chimamupangitsa kuuma ngati mchenga. Imani patali pang'ono, pafupifupi 25cm, kupopera mofulumira kawiri katatu, osati kuthira mpaka nkhope kutsekeka. Kwa asilikali a kaki ine ndimapopera wa bulauni, kuti pamene burashi yaphonya pangooneka ngati mthunzi.

Penti akhale wa acrylic, ngati Vallejo, ndipo mitundu 8 kapena 10 ikukwanirani. Musamupake mmene watulukira mu botolo, msungunuleni ndi kadontho ka madzi mpaka akhale ngati mkaka, mupake kawiri mopyapyala. Kuno kumatentha penti amauma pa mbale musanamalize ndi mwendo umodzi womwe, ndiye tengani kontena ya majarini, ikani siponji yonyowa pansi, pamwamba pepala lija amaphikira makeke, penti wanu azikhala pamenepo, amakhala wofewa tsiku lonse. Burashi ya nambala 1 yosongoka bwino imapenta pafupifupi chilichonse, tating'onoting'ono tija sitisunga penti.

Pentani 10 nthawi imodzi, mtundu umodzi pa onse, mukamafika wa nambala 10 woyamba uja wauma. Yambani ndi zamkati kutulukira kunja, khungu, yunifolomu, malamba, mfuti, pomalizira chipewa.

Pa khungu ndiye ndichedwepo pang'ono chifukwa ndi pamene ndimaona anthu akulakwitsa kwambiri. Asilikali a mbali zonse ziwiri anali anthu akuda, azungu anali maofesala ndi ena ochepa chabe, ndipo munthu wakuda sapentedwa ndi penti wakuda bii, kamsilikali kamangosanduka chithunzithunzi chopanda nkhope. Tayang'anani dzanja lanu padzuwa. Yambani ndi bulauni woderako ngati khofi, akauma sakanizani ndi kofiirira pang'ono mukhudze pa mphuno, pamasaya, pachibwano, pa mfundo za zala ndi pa mawondo poti ambiri ali mu kabudula. Kenako kadontho kowala pang'ono pansonga ya mphuno ndi pa mlomo wa m'munsi basi. Tsiku limene ndinayamba kuchita zimenezi ndinakanyamula kamsilikali kuyang'ana pawindo, nkhope ija inali ya munthu, yofanana ndi madala amene timakumana nawo pa msika, ndipo ndinakhala kaye chete ndithu. Maso musavutike nawo, pa tebulo saoneka. Ndipo musapente onse khungu lofanana, sinthasinthani pang'ono.

Yunifolomu mbali zonse ndi kaki, zomwe zimasokoneza posewera, ndiye ine a KAR ndimawapatsa kaki woderako, a Ajeremani wowalirako ngati mchenga, kuti munthu ali chiimire adziwe ake ndi ati. Nsalu zokulunga m'miyendo za KAR ndi buluu wodera. Chipewa cha fez ambiri amathamangira kufiiritsa, koma asilikali a ku Nyasaland ankadziwika ndi chakuda, ndipo ku nkhondo nthawi zambiri zipewa zinkakhala za kaki. Askari, asilikali akuda a Ajeremani, chipewa chawo chinali chokutidwa ndi kaki, ndi kansalu kolendewera kumbuyo kotchinga khosi ku dzuwa. Ambiri mwa iwo anali ndi mfuti zakale za Mauser za mtundu wa 1871 zomwe zinkafuka utsi woyera zikalira, ndiye sungani thonje, gulu likawombera muziika kathonje patsogolo pake, ndipo mu malamulo anu gulu limenelo lizioneka msanga kwa adani.

Mitundu ikatha pakani wash wa bulauni, penti wamadzimadzi amene amatsikira m'makwinya, koma musalole kuti adikhe ngati chithaphwi, mkokeni ndi burashi. Akauma bwererani ndi kaki uja pamwamba pa makwinya pokha. Pa poimira pakani guluu wa matabwa, viikani mu mchenga wosefa, pentani ngati dothi, muike timaudzu touma ta chikasu poti September kumakhala kouma, udzu wobiriwira ngati wa ku Ulaya suyenera. Pomaliza vanishi wosanyezimira, chifukwa tiasilikali timeneti tizigwidwagwidwa.

Tebulo la mafiti 4 mbali zonse likukwana poyamba. Nsalu ya mtundu wa dothi, nyanja mbali ya kum'mawa, mtsinje wa North Rukuru wodula pa katoni, nyumba za boma za katoni, nthochi za waya ndi pepala. Malamulo akhale a tsamba limodzi, madayisi ndi tepi yoyezera, muyese kusewera ngakhale theka lokha litapentedwa, zimapatsa mphamvu yomalizira enawo. Dziikireni 10 pa masabata awiri, pa miyezi itatu onse 60 aima pa tebulo.

Ndipo pa mndandanda wanu wogula uja musaiwale amtengatenga. Nkhondo ya ku East Africa inayenda pamitu ya anthu, azigogo athu anasenza zipolopolo ndi chakudya mitunda yosaneneka, ambiri anafera m'njira ndi matenda ndi njala mpaka Lettow-Vorbeck, mtsogoleri wa asilikali a Ajeremani, anagonja ku Abercorn, komwe pano ndi Mbala ku Zambia, mu November 1918. Mukapita pa chipilala cha KAR ku Zomba kapena pa manda a nkhondo ku Karonga muziwakumbukira nawonso. Ine ndinapenta 8, opanda nsapato, mabokosi pamutu, nsalu zotuwa ndi fumbi, ndipo mu malamulo athu gulu limene amtengatenga ake abalalika limangowombera kawiri kenako zipolopolo zatha.