Kudzala kapinga kuseli kwa nyumba kuno ku Joni

Ambirife timatchetcha kapinga wa mabwana ku Sandton ndi Randburg, koma kuseli kwathu kuli fumbi lokhalokha. Ine ndinatopa ndi ana kulowa m'nyumba ali mbuu, zochapa zikufiira pachingwe ndi mphepo ya Ogasiti. Kapinga amagwira fumbi, amaziziritsa bwalo, ndipo Loweruka mumakhala ndi poyala mphasa uku nyama ikupsa. Ngati mukuchita lendi, pemphani kaye eninyumba.

Dzalani mu Okutobala mvula ikayamba. Mu Juni ndi Julayi chisanu cha Johannesburg chimawaula udzu, musataye ndalama nthawi imeneyo. Pamene pamawomba dzuwa tsiku lonse ikani kapinga wa mtundu wa Kikuyu, sagonja ngakhale ana azisewerapo mpira. Pansi pa mtengo Kikuyu amayonda, pamenepo pamafuna mtundu wina wotchedwa LM, umene umapirira mthunzi.

Tsopano kukumba, ndipo apa ndi pamene ndinapsa. Chaka choyamba ndinangopalasa pamwamba ndi reki n'kuyala. Patatha milungu itatu, pakati penipeni panauma gwa, ngati chipande. Ndinathira madzi, ndinathira feteleza, osasintha. Nditakumba ndinapeza zibenthu za njerwa, simenti ndi mapulasitiki zimene omanga anakwirira pomanga zipinda za lendi. Mawilibala asanu ndi awiri! Mizu inalibe kolowera. Choncho lowetsani foloko yonse mpaka mano abisike, chotsani mwala uliwonse, sakanizani manyowa ndi feteleza wolembedwa 2:3:2 pathumba, kenako salazani. Siyani kotsetsereka pang'ono kuti madzi azithawa khoma, mvula ya kuno imabwera ndi ukali masana.

Kapinga woyalayala, wobwera m'mipukutu, amagulitsidwa pa sikweya mita. Chenjerani ndi anyamata a mabaki oima m'mphepete mwa msewu. Wina anandigulitsa wotchipa, mkati muli dawe, mpaka lero ndikuzulabe. Funyululani mpukutu umodzi muone musanalipire. Ngati thumba lapepuka, pemphani timizu pomwe mumagwira ntchito, mudzale m'mizere. Amachedwa koma amatseka.

Mukagula mipukutu, yalani tsiku lomwelo, molumikiza ngati njerwa, pondanipondani. Madzi tsiku lililonse kwa milungu iwiri, koma kuyambira Seputembala mpaka Malichi lamulo la mzinda limaletsa kuthirira pakati pa 6 m'mawa ndi 6 madzulo.

Akagwira, tchetchani osameta mpala. Kumpanda siyaniko mzere wa mpiru ndi nkhwani, ndipo kumbani kangalande pakati, apo ayi Kikuyu alowa m'dimbamo.