Kuyamba kugwiritsa ntchito Arduino pokazinga khofi kunyumba

Khofi wa arabica wolimidwa ku Misuku, ku Phoka ndi m'mapiri a Viphya, yemwe timamupeza kuno ku Mzuzu, amawonongeka msanga akakazingidwa mongoyerekeza, chifukwa kuchedwa ndi mphindi imodzi yokha kumatha kumupatsa fungo lopserera. N'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi kuyeza kutentha musanaganize zolamulira moto.

Poyeza kutenthako, mufunika kabolodi ka Arduino Uno (kakompyuta kakang'ono komwe mumaikamo pulogalamu yowerengera ndi kulamulira zipangizo zina), thermocouple (kawaya koyezera kutentha) ya mtundu wa K, ndi kachipangizo ka MAX6675 komwe kamasandutsa mphamvu yochepa ya magetsi yochokera ku thermocouple kukhala manambala amene Arduino ingawerenge. Nsonga ya thermocouple ilowe pakati pa nyemba zenizenizo ndipo isakhudze chitsulo, apo ayi mudzakhala mukuyeza kutentha kwa chokazingiracho. Mukaika pulogalamu yowerengera mu Arduino, ilumikizeni ku kompyuta ndi waya wa USB, kenako mutsegule pulogalamu yaulere ya Artisan, imene imajambula mzere wosonyeza mmene kutentha kukukwerera. Nyemba zimayamba kuthetheka cha pa madigiri 196 a Celsius, ndipo zimathethekanso cha pa 224. Kwa ine, khofi wa kuno amakoma akachotsedwa asanafike pa kuthetheka kwachiwiriko.

Mukazolowera, onjezerani solid state relay, yomwe ndi swichi yoyendetsedwa ndi magetsi, yoti Arduino izitha kuyatsa ndi kuzimitsa chotenthetsera cha magetsi cha chokazingira chanu. Mbali imeneyi imadutsa magetsi a mavoti 230, choncho akulumikizireni ndi mmisiri wa zamagetsi. Magetsi akazima mukukazinga, khuthulani nyembazo nthawi yomweyo, chifukwa zikasiya kutakasidwa zimatha kuyaka.