Zoyenera Kudziwa Musanalembetse Nsidze ndi Milomo Yosafufutika

Ntchito yolemba nsidze, milomo ndi m'mphepete mwa zikope ndi utoto wosafufutika imasiyana ndi zodzoladzola wamba, chifukwa singano imaboola khungu kambirimbiri n'kusiya utotowo m'kati. Munthu amatuluka mu saluni ali ndi bala, monga mmene zimakhalira ndi mphini, ndipo bala lililonse ndi khomo la tizilombo.

Choopsa choyamba ndi singano yogwiritsidwa ntchito pa anthu angapo, yomwe ingafalitse HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis B ndi C. Kachilombo ka Hepatitis B kamatha kukhala ndi mphamvu kwa masiku 7 m'magazi ouma, choncho kungopukuta chida ndi thonje sikokwanira. Pemphani kuti singano yatsopano itsegulidwe inu mukuona, ndiponso kuti wolembayo asambe m'manja n'kuvala magolovesi atsopano.

Utoto nawo ungabweretse vuto ngakhale singano ili yatsopano. Mu 2012, akuluakulu a zaumoyo ku America anapeza kuti anthu ena a ku Rochester, New York, anatuluka totupa chifukwa cha utoto womwe unali ndi tizilombo ta Mycobacterium chelonae, timene timapezeka m'madzi. Mayiko a European Union anakhwimitsa malamulo a utoto wotere mu Januwale 2022. Musalole utoto wosungunulidwa ndi madzi a pampopi kapena wotsala pa munthu wina.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chipsera chotupa chomwe madokotala amachitcha keloid, popeza chimachitika kawirikawiri kwa ife anthu a khungu lakuda. Ngati munatulukapo chotupa cholimba mutaboola khutu kapena kutemera mphini, musalembetse nkhope yanu, pakuti chipsera chotere n'chovuta kuchiza ndipo chimakonda kubwereranso akachidula. Utoto wofiira umayambitsa kuyabwa ndi kutupa kwa anthu ena, mwina patapita miyezi, pomwe kulemba milomo kumatha kudzutsa zilonda za m'milomo kwa amene anadwalapo. Amayi oyembekezera adikire, ndipo odwala shuga ayambe afunsa kuchipatala.

Kufiira ndi kutupa pang'ono masiku oyambirira n'kwachibadwa, ndipo nkhanambo isatong'oledwe. Koma ululu ukamakula, mafinya akatuluka, diso likatupa kapena thupi likatentha, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mukawauze achipatala tsiku limene munalembetsa ndi mtundu wa utoto umene unagwiritsidwa ntchito.